Nyumba ya Mzati Umodzi: Mbiri ya Siteshoni ya Arnos Grove

Kumpoto kwa mzinda wa London, m'mbali mwa mseu wochedwa Bowes Road, kuli nyumba ya njerwa zofiirira imene mlendo angathe kuipitirira osadziwa kuti akatswiri a zomangamanga amacokera kutali kudzaiona. Si yaitali ai, ndipo ilibe nsanja kapena zosemasema. Pansi pace ndi pa ngondya zinai, ndipo pamwamba pa ngondyazo pakhala cipinda cozungulira conga ng'oma yoimika, cobvundikiridwa ndi tsindwi lathyathyathya la konkire. Imeneyi ndiyo siteshoni ya Arnos Grove, imene inatsegulidwa pa 19 September 1932 pa njanji ya Piccadilly, imodzi mwa njanji za sitima zoyenda pansi pa nthaka mumzindamo. Mbiri yace siyambira pamene pali nyumbayo; iyambira pa mkangano umene unabuka mailosi anai kumwera kwace, zaka makumi atatu njerwa yoyamba isanaikidwe.

Kuti mkanganowo umveke bwino, kuyenera kuyamba kwafotokozedwa pang'ono za njanji zimenezi. London ndiwo mzinda woyamba pa dziko lapansi kuyendetsa sitima pansi pa miseu yace. M'mwezi wa January 1863 anatsegula njanji yocokera ku Paddington kufika ku Farringdon, imene anaimanga pokumba cidzenje cacitali mumseu, kuyala njanji m'menemo, ndi kucifotseranso pamwamba. Sitima zace zinali za malasha, ndipo utsi unali kutsamwitsa apaulendo. Mu 1890 kunabwera njira yina: amisiri anayamba kuboola mphanga zozungulira pansi penipeni, m'dongo limene mzindawo unakhalapo, monga momwe mfuko iboolera una wace, namachinga makoma a mphangazo ndi mikombero yacitsulo. M'mphanga zotere munayenda sitima za magetsi, zopanda utsi. Njanji ya Piccadilly inali ya mtundu waciwiriwu. Inatsegulidwa m'December 1906, kucokera ku Hammersmith kumadzulo, kupyola pakati pa mzinda, kukathera ku Finsbury Park kumpoto.

Kuthera kwace ku Finsbury Park sikunali kwangozi. Pamalopo panali kale siteshoni ya kampani yaikuru ya sitima za pamtunda, yochedwa Great Northern Railway, imene inali kunyamula anthu a kumpoto kwa London pa sitima zace za malasha. Eni kampaniyo analola kuti njanji yatsopanoyo ikumbe siteshoni yace pansi pa yao, koma m'pangano la 1902 anaikamo mau akuti njanji ya pansiyo isapitirire kumpoto popanda cilolezo cao. Anaopa kulandidwa apaulendo. Njanji yinanso ya pansi, imene inatsegulidwa mu 1904 kucokera ku dera la malonda la mzinda, inatheranso pomwepo. Tsono madzulo ali onse, anthu poweruka ku nchito, njanji ziwirizi zinali kukhuthulira zikwi za anthu pamalo amodzi, ndipo onsewo anali kutulukira mumseu kukalimbirana malo m'mabasi ndi m'matiramu, ndiwo magaleta a magetsi oyenda pa njanji za mumseu. Wamphamvu ndiye anali kukwera. Nkhalamba ndi mai wa mwana anali kutsala pamvula kudikira lina. Zinakhala cotero zaka zoposa makumi awiri, mzinda ulikukulirakulira, khomo lace lakumpoto lili lomwelo.

Amene anathetsa zimenezi sanali akuluakulu a boma, koma eni nyumba okhoma msonkho a m'dera la Middlesex. Mu 1923 mabungwe ao anasonkhanitsa maina 30,000 pa kalata yodandaula, naipereka ku boma. Caka comweco makampani a njanji a m'dzikomo anaphatikizidwa kukhala anai okha, ndipo Great Northern inalowa m'kampani yochedwa London and North Eastern Railway, imene inalandira panganolo ngati colowa. Mu 1925 boma linaika anthu ofufuza nkhaniyo poyera. Pamenepo kampaniyo inapezeka pakona: inayenera kusankha, kaya kuika magetsi pa njanji zace kuti inyamule anthu msanga, kaya kuleka kutsekereza anzace. Ndalama za magetsi inalibe. Inali ngati munthu wokhala pacitsime, wosatunga, wosalolanso ena kutunga. Ndipo poona kuti mudzi wonse wamuyang'ana, inacoka.

Njira inatseguka, koma ndalama zokumbira zinasowanso. Kuboola mphanga kumadya cuma cambiri, ndipo phindu la matikiti limabwera pang'onopang'ono, kotero kuti eni ndalama sanafune kubwereketsa. Cimene cinathandiza ndi tsoka lina: ulova. Mu 1929 boma la Ramsay MacDonald, pofuna kupezera anthu nchito, linakhazikitsa lamulo lakuti boma lidzathandiza pa ngongole za nchito zazikuru zothandiza anthu onse. Patangopita miyezi yowerengeka, malonda a dziko lonse lapansi anagwa. Kugwa komweko ndiko kunatseketsa mgodi wa Bwana Mkubwa mu 1931 ndi kubweza anthu ambiri a kumigodi kumidzi kwao. Ku Britain malova anayandikira 3,000,000 pofika 1932. Kampani ya njanji za pansi inagwira mwai umenewo. Nyumba ya Malamulo inabvomereza mu 1930, nchito inayamba caka comweco, ndipo inayenda mofulumira modabwitsa. Pa 19 September 1932 sitima zinafika ku Arnos Grove. Pa 13 March 1933 zinafika ku Southgate ndi ku Enfield West, imene lero ichedwa Oakwood. Pa 31 July 1933 zinafika ku Cockfosters, mailosi oposa 7 kucokera ku Finsbury Park. Panalibe mwambo waukuru wotsegulira. Anangogawira anthu a m'deralo matikiti aulere kuti akadzionere okha.

Zikadakhala kuti nkhani yathera apa, ikadakhala nkhani ya njanji cabe. Koma masiteshoni a njanji imeneyi anagwera m'manja mwa anthu awiri amene sanali kuona siteshoni ngati khumbi longobisalamo mvula.

Woyamba anali Frank Pick, amene anabadwa mu 1878 ku Spalding, mwana wa wogulitsa nsaru. Anaphunzira za malamulo, nagwira nchito ku kampani ya njanji ya kumpoto kwa England, ndipo anafika ku London mu 1906. Pofika 1928 anali woyendetsa wamkuru wa kampani ya njanji za pansi, pansi pa wapampando wace Lord Ashfield. Anali munthu wobvuta kugwira naye nchito, wosaseka kawirikawiri, woyendera masiteshoni yekha ndi kulemba ciri conse cimene capendama. Cikhulupiriro cace cinali cakuti cinthu cimene anthu wamba acigwiritsa nchito tsiku ndi tsiku ciyenera kupangidwa mosamala monga cimene apangira mfumu. Ndiye amene anapempha Edward Johnston kuti akonze zilembo zoonekera patali, zimene zinayamba kugwira nchito mu 1916, ndipo mtundu wace ukali pa zikwangwani za njanjiyo kufikira lero.

Waciwiri anali Charles Holden, mmisiri wolemba mapulani a nyumba, amene anabadwa mu 1875 ku Bolton. Nayenso anali mwana wa wogulitsa nsaru, koma malonda a atate wace anagwa, ndipo ali mnyamata anagwirapo nchito ya ukalaliki ku njanji asanayambe kuphunzira zolemba mapulani. Sanali kudya nyama kapena kumwa mowa, ndipo anali kukonda moyo wosadzionetsera. Asanakomane ndi Pick anali atamanga kale zipatala. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse anakonza manda ambiri a asilikari ku France ndi ku Belgium. Nyumba yace yina iri ndi mbiri yokhudza maiko a kuno. Ndiyo ya pa mseu wa Strand, imene anaimangira bungwe la madokotala mu 1908, yokhala ndi mafano amaliseche osemedwa ndi Jacob Epstein. Boma la Southern Rhodesia linaitenga mu 1935 niichula Rhodesia House, ndipo mu 1937 eni atsopanowo anagumula ziwalo za mafanowo, ati zingagwere anthu odutsa. Lero m'nyumbamo muli akazembe a dziko la Zimbabwe, ndipo mafano opundukawo akali pomwepo.

Anthu awiriwa anadziwana mu 1915 m'bungwe lochedwa Design and Industries Association, limene ciphunzitso cace cinali cakuti ubwino wa cinthu uyambira pa kuyenerera nchito yace. Holden anayamba ndi kukonza khomo la siteshoni imodzi, kenaka anamanga masiteshoni a miyala yoyera pa njanji yopita ku Morden mu 1926, ndi likulu la kampaniyo pa 55 Broadway mu 1929. Koma za masiteshoni a kumalire a mzinda, kumene kunalibe nyumba zazikuru zoyandikana nazo, onse awiri anaona kuti kufunika maganizo atsopano. Cotero mu 1930 anapita limodzi ku Germany, ku Netherlands, ku Denmark ndi ku Sweden, kukaona zimene amisiri a kumeneko anali kumanga. Ku Netherlands anaona nchito ya Willem Dudok ndi anzace, amene anali kumanga nyumba za makono ndi njerwa wamba, osazipaka pulasitala. Ku Stockholm kunali nyumba yowerengeramo mabuku imene Gunnar Asplund anaitsiriza mu 1928, cipinda cacikuru cozungulira cokhala pamwamba pa maziko a ngondya zinai. Ndipo ambiri amene analemba za Arnos Grove aona kuti ng'oma yace inabadwira kumeneko.

Cipatso coyamba ca ulendowo cinali siteshoni ya Sudbury Town, ku mbali ya kumadzulo ya njanji yomweyo, imene inatha mu 1931. Holden mwini, mosadzitama, anali kuchula masiteshoni a mtundu umenewu kuti ndi mabokosi a njerwa okhala ndi zibvundikiro za konkire. Mau amenewo ndi oona, koma abisa nzeru imene iri m'kati. Njerwa anaisankha cifukwa ndiyo imene England anamangira nayo kuyambira kale, ndiponso imapirira mwaye ndi cinyontho osafuna utoto. Konkire, ndiye simenti yosanganiza ndi mcenga ndi miyala, yokhala ndi mitengo yacitsulo m'kati, anamusankha cifukwa amatha kufunga malo akuru popanda nsanamira zambiri. Magalasi anawacurukitsa kuti usana dzuwa liunikire m'kati, ndipo usiku nyali za m'kati ziunikire kunja, kuti munthu wobwera mumdima aone patali pamene pali siteshoni. Nyumbayo inakhala cikwangwani ca iyo yokha.

Ku Arnos Grove bokosilo linasanduka ng'oma. Koma poyamba wowerenga adziwe za malo ace, pakuti pali cinthu codabwitsa: ngakhale siteshoniyi iri ya njanji ya pansi, sitima zace ziima poyera. Kucokera ku Finsbury Park njanji iyenda m'mphanga, kupyola masiteshoni a Manor House, Turnpike Lane, Wood Green ndi Bounds Green. Ikatero ituruka kuwala, niwoloka mseu waukuru pa ulalo, nilowa pansi pa Bowes Road, ndi kufika pasiteshoni m'cigwa cokumba. Kupitirira apo iwoloka cigwa ca kamtsinje ka Pymmes Brook pa ulalo wautali wa njerwa wa makhomo 34. Izi si zacilendo, pakuti kuposa theka la njanji zonse zochedwa za pansi ku London ziyenda pamtunda. Kunja kwa mzinda, kumene malo anali ochipa, panalibe cifukwa cotayira ndalama kuboola. Pick anaumiriranso kuti masiteshoni atalikirane, ngakhale anthu a ku Harringay anapempha yao. Iye anati sitima yoima paliponse sidzakopa munthu wa kutali, ndipo pa cifukwa comweco anatseka masiteshoni ena ang'ono a m'kati mwa mzinda, monga Down Street ndi York Road, m'caka comweco ca 1932.

Tsono nyumbayo. Munthu wocokera mumseu alowa pa khomo lalifupi, pansi pa denga lotsika, pamene pali timasitolo ndi zipinda za anchito. Akangoyenda mapazi owerengeka, denga licoka pamutu pace mwadzidzidzi, ndipo adzipeza ali m'cipinda cacitali cozungulira, codzala ndi kuwala kocokera m'mazenera atali a mafelemu acitsulo amene akwera kufikira kutsindwi. Pakati penipeni paima mzati umodzi wa konkire. Pamwamba pace mzatiwo uyanja, ndipo denga licokera pamenepo kunka ku khoma mbali zonse. Munthu ali yense wokulira kumudzi, amene anagonapo cagada m'nyumba yozungulira nayang'ana phaso likukomana pa mzati, adzaizindikira nyumbayi msanga kuposa mwana wa ku London. Nzeru yace ndi yomweyo: khoma lozungulira lilimba lokha popanda ngondya yofooka, ndipo mtengo umodzi wa pakati usenza zimene zikadafuna mitengo yambiri. Kusiyana kwace ndi kwakuti tsindwi la kuno ndi lathyathyathya, ndipo m'mphepete mwace mwaturukira kunja pang'ono ngati mlomo wa cipewa, kuika mthunzi woonda pamwamba pa njerwa.

Patsinde pa mzatiwo Holden anaika kanyumba kozungulira kogulitsiramo matikiti, ka matabwa ndi magalasi. Apa ndi pamene paonekera kuti maonekedwe a nyumbayi anacokera ku nchito yace. Holden anali kuyamba ndi kulingalira mayendedwe a anthu: alowera kuti, aima pati kugula tikiti, atembenukira kuti, ndipo oturuka m'sitima adzapatukana bwanji ndi olowa. Akatha kudziwa zimenezo ndipo anali kuzinga khoma mozungulira njira za anthuzo. Khamu la anthu liyenda ngati madzi. Likapeza ngondya lidikha ndi kucita thovu, likapeza cozungulira lingoyenderera. Kalaliki wokhala pakati anali kuona mbali zonse, ndipo anthu anali kumzungulira monga mtsinje uzungulira mwala, ndi kukaturukira ku ulalo wa kumbuyo wopita ku masitepe. Amene anakumbukira kukankhana kwa ku Finsbury Park sanafune munthu wowamasulira tanthauzo la cipinda cotere.

Kunsi kuli mapulatifomu awiri okhala ngati zisumbu, ndi njanji zitatu. Ya pakati iri ndi pulatifomu uku ndi uku, ndipo nchito yace ndi yolandira sitima zothera pomwepo ndi kubwerera kumzinda, osatsekereza zopitirira ku Cockfosters. Madenga a mapulatifomu ndi a konkire wosapaka. Holden ndi omthandiza, makamaka Charles Hutton amene anasenza gawo lalikuru la mapulani a siteshoniyi, sanalekere pa makoma okha. Mipando, nyali, mawochi, zitseko, malo omatapo zithunzi za malonda, ngakhale timanyumba ta telefoni, zonse anaziganizira pamodzi. Cifukwa cace cinali cakuti ku Sudbury Town anaona kuti nyumba itatha, madipatimenti ena a kampani anabwera ndi makina ao ndi zikwangwani zao, naziunjika paliponse. Pick sanafune kuti zimenezo zicitikenso.

Sikuti zonse zinali zangwiro. Konkire wosapaka amaoneka bwino pa pepala ndi pa dzuwa, koma m'dziko la mvula ndi mwaye amadetsedwa ndi mizere yakuda, ndipo tsindwi lathyathyathya ndi bwenzi la madzi odikha. Mapulatifomu ndi ozizira m'nyengo yacisanu, pakuti mphepo ipyola m'cigwamo mosaletsedwa. Ndiponso amisiri amene anayesa mosamala cotere mayendedwe a khamu anali kuganiza za munthu wa miyendo iwiri yamphamvu, wothamangira ku ofesi. Wopunduka, kapena mai wokankha kangolo ka mwana, anamsiyira masitepe. Ici cinali cilema ca nthawi yonseyo, si ca Holden yekha, koma ciyenera kuchulidwa pamene ena alankhula za nyumbayi ngati kuti inatsika kumwamba.

Nkhani yina yaikuru ndi ya malo amene siteshoniyi inamangidwapo. Dzina lakuti Arnos Grove linali la munda waukuru wa anthu olemera, ndipo licokera ku banja lochedwa Arnold limene linali ndi malowo zaka mazana ambiri zapitazo. Mwini wace wotsiriza, Lord Inverforth, anaugulitsa mu 1928. Nyumba yaikuru ya m'mundamo inakhala maofesi a kampani ya magetsi, gawo lina linasungidwa kukhala paki ya anthu onse yochedwa Arnos Park, ndipo lotsala linagwa m'manja mwa omanga nyumba zogulitsa. Pamene sitima zoyamba zinafika, kumpoto kwa siteshoni kunali kukali madambo ndi mitengo yambiri. Zithunzi zokopa anthu za kampani ya njanji zinali kulonjeza mpweya wabwino ndi bata la kumidzi kwa munthu wogwira nchito mumzinda. Anthu anamva, nabwera. Ndipo pobwerapo anadya cimene anadzera. M'zaka zowerengeka madambo aja anasanduka miseu ya nyumba ziwiriziwiri zogundana, zogulidwa pa ngongole yobweza mwezi ndi mwezi. Dera la Southgate, limene linali ndi anthu ngati 55,000 mu 1931, linapitirira 70,000 pofika 1951.

Woyenda m'miseu imeneyo aona cinthu coseketsa pang'ono. Nyumba zambiri za m'zaka zimenezo anazikhomera matabwa akuda pamphumi, kuti zioneke ngati nyumba za makolo a zaka mazana anai zapitazo, cinkana matabwawo sasenza kanthu. Kalaliki amene anali kukwera sitima ya magetsi m'mawa anafuna kuti madzulo abwerere ku nyumba yonamizira ukale. Pakati pa nyumba zoterezo siteshoni inaima yosabvala kanthu: cooneka ngati njerwa ndi njerwa, cooneka ngati cisenza denga cisenzadi. Komabe sikoyenera kuwaseka anthuwo. Ambiri a iwo anacokera m'zipinda zopanikizana za lendi, ndipo kanyumba ka dimba kumbuyo kanali cinthu cimene makolo ao sanacilote. Siteshoniyo ndiyo inawapatsa zimenezo. Inapezanso otsanzira ace: mu 1939 akuluakulu a Middlesex anatsegula pafupi pomwepo nyumba yowerengeramo mabuku ndi dziwe losambiramo, zomangidwa ndi njerwa ndi konkire mwa mtundu womwewo. Kufalikira kwa mzinda kunaopsa boma, kotero kuti lamulo la 1938, ndi ena otsatira itatha nkhondo, anaika lamba wa minda ndi nkhalango kuzungulira London, m'mene simuloledwa kumanga mwacisawawa. Ndico cifukwa cace munthu wotsika ku Cockfosters apeza chire pafupi, pamene wotsika ku Arnos Grove apeza madenga okhaokha.

Pa 1 July 1933, njanji isanafike n'komwe ku Cockfosters, makampani a njanji za pansi, mabasi ndi matiramu anaphatikizidwa m'bungwe limodzi la anthu onse, London Passenger Transport Board, ndipo Pick anakhala woyendetsa wace. Nthawi yabwinoyo inali yaifupi. Nkhondo yaciwiri itayamba, anthu anathawira m'masiteshoni a m'mphanga kubisala mabomba. Usiku wa pa 13 October 1940 bomba linagwera nyumba za pafupi ndi Bounds Green, siteshoni yoyandikana ndi Arnos Grove kumwera, ndipo mbali ya mphanga inagumukira anthu obisalamo. Oposa 15 anafa. Pick anacoka pa nchito caka comweco atasemphana maganizo ndi anzace, namwalira mu 1941. Nkhondo itatha ndalama ndi zipangizo zinacepa, ndipo masiteshoni omangidwa pambuyo pace sanafike pa muyeso wa aja a 1932 ndi 1933.

Holden anakhala ndi moyo kufikira 1960. Kawiri konse, mu 1944 ndi mu 1951, boma linafuna kumpatsa ulemu wakuti azichedwa Sir, ndipo kawiri konse anakana. Cifukwa cimodzi cinali cakuti ulemuwo sunayenerane ndi moyo wace wosadzikuza. Cina cinali cakuti iye anakhulupirira kuti nyumba simangidwa ndi munthu mmodzi. Akuluakulu akale akadamumvetsa, pakuti ndiwo anati mutu umodzi susenza denga. Zimenezi zikumbutsa kuti pa Arnos Grove pali dzina la Holden, la Pick, ndi la Hutton kwa amene afunsitsa, koma maina a okumba mphanga, oumba njerwa ndi othira konkire, amene ambiri a iwo anali malova dzulo lace, sanalembedwe pakhoma.

Mu 1971 boma linaika siteshoniyi pa mndandanda wa nyumba zosungidwa, zimene siziloledwa kugumulidwa kapena kusinthidwa popanda cilolezo, ndipo mu 2011 linaikweza pa gawo lochedwa Grade II*, la nyumba zofunika koposa. Mu 2007 nyuzipepala ya The Guardian inaiwerengera pakati pa nyumba 12 zazikuru za makono za pa dziko lonse, pamodzi ndi nyumba zimene zinadya cuma cosawerengeka. Njanji yace nayo inatalika: kuyambira 1977 ifika ku bwalo la ndege la Heathrow, kotero kuti mlendo wotsika ndege yocokera ku Africa akhoza kukwera sitima pomwepo, napyola pansi pa mzinda wonse, ndi kutsikira ku Arnos Grove osasintha, ulendo woposa ola limodzi. Bungwe loyendetsa njanjiyo tsopano lichedwa Transport for London. Matikiti sagulidwanso kwa kalaliki. Apaulendo agula pa makina, kapena angogunditsa khadi pa cipata. Kanyumba kozungulira ka patsinde pa mzati kanasungidwa monga kanaliri, ndi matabwa ace ndi magalasi ace, koma mulibe munthu m'katimo. M'mawa uli wonse khamu likali kukazungulira, kulowera ku ulalo ndi kutsikira ku sitima.